Tsiku Lomwe Ndinapha Seva

Kuseri kwa ofesi ya makompyuta kuli kachipinda kopanda zenera, kozizira ngati m'mawa wa mwezi wa June. Ambiri a inu mumadutsa pakhomo pake tsiku lililonse osadziwa kuti muli chiyani. Muli kabati yachitsulo yaitali kuposa ine, ndipo m'kabatimo muli makina amene amangong'ung'udza usana ndi usiku. Mukamalembetsa makosi, mukamasuzumira malikisi anu mtima uli m'mwamba, mukamafufuza kuti fizi yatsala zingati, foni yanu imakhala ikucheza ndi makina amenewa. Semesita yathayi, Lachinayi lina masana, ine ndinawazimitsa molakwika, ndipo mphunzitsi wina anagona pakati pa usiku chifukwa cha ine.

Ndinene poyamba kuti ine si wa makompyuta. Ndikuphunzira zauphunzitsi. Kusekondale ya mpingo kumene ndinachokera makompyuta anali ochepa, moti tinkakhala atatuatatu pa imodzi, ndipo wamphamvu ndiye ankagwira mausi. Chimene ndinatolako ndi lamulo la aphunzitsi athu loti kompyuta sazimitsira pakhoma. Chifukwa chake sanatiuze, ifenso sitinafunse. Nditafika kuno ndinapempha ganyu kuti ndichepetseko fizi, ndikuganiza kuti andiponya kukhitchini kapena ku laibulale. Anandiponya ku ofesi ya makompyuta, poti kunkafunika munthu wolemba mayina a oiwala pasiwedi ndi wopukuta fumbi.

Abwana anga kumeneko ndi bambo osayankhulayankhula, koma akaona kuti munthu ali ndi chidwi sabisa nzeru. Patatha miyezi itatu anayamba kundilowetsa m'kachipinda kaja. Anandiuza kuti chimene ife timangoti "sisitimu" ndi zinthu zitatu zosanjikizana. Pansi pali makina enieniwo, oyendera Linux. Pamwamba pake pali nkhokwe ya zonse zolembedwa, imene amaitcha database. Yathuyi ndi PostgreSQL. Mayina athu, malikisi, ngongole, zonse zimagona mmenemo. Ndiye pali chachitatu, chimene chimaima pakati pa nkhokwe ndi anthu. Imeneyi ndiye seva ya mapulogalamu, ndipo yathu dzina lake ndi Apache Tomcat. Ntchito yake ili ngati ya kalaliki wa pawindo: kulandira pempho lanu, kuona ngati ndinudi mwini dzina limene mwatchula, kukatenga m'nkhokwe chimene mukufuna, n'kukupatsani. Kungoti kalaliki ameneyu, ngati simunamusinthe, amatha kugwira mapempho okwana 200 nthawi imodzi, ndipo amakumbukira aliyense amene walowa mpaka atatuluka.

Tomcat si ya dzulodzulo. Anayamba kuilemba James Duncan Davidson ali ku kampani ya Sun Microsystems, imene inapanga chiyankhulo cha makompyuta cha Java, ndipo mu 1999 kampaniyo inaipereka ku bungwe la Apache Software Foundation. Mpaka lero ndi yaulere. DHIS2, pulogalamu yochokera ku yunivesite ya Oslo imene unduna wa zaumoyo kuno kwathu umasonkhanitsira malipoti a m'zipatala, imayendera pa Tomcat ndi PostgreSQL zomwezi. Ilipo ina ikuluikulu yogula, monga WebLogic ya Oracle ndi WebSphere ya IBM, koma abwana amati pa nkhani yoyatsa ndi kuzimitsa zonsezi ndi pachibale.

Kuyatsa ndinakugwira msanga. Umayamba ndi nkhokwe, chifukwa kalaliki akafika n'kupeza nkhokwe yotseka amangoima pawindo n'kumabweza anthu. Nkhokwe ikadzuka, umalemba startup.sh. Nthawi yomweyo pasikirini pamabwera mawu oti "Tomcat started", koma mawu amenewa abwana anandichenjeza kuti ndisamawakhulupirire. Amangotanthauza kuti lamulo laperekedwa. Ngati ukufuna kudziwa zoona, umatsegula buku limene seva imalembamo zochita zake, lotchedwa catalina.out, n'kumayang'ana mizere ikutsika mpaka uone wonena kuti "Server startup in", wotsatiridwa ndi nthawi imene yatenga. Ukatero umayesa kulowa wekha pa khomo lake. Makomo a seva ali ndi manambala, ndipo la Tomcat limakhala 8080. Basi. Mwana wa Fomu 2 atha kuchita.

Za kuzimitsa abwana anazifotokoza nthawi yaitali, ndipo ndivomere kuti ndinkamvetsera ndi khutu limodzi. Ndinkaona ngati kuzimitsa ndi kuyatsa kotembenuza chabe: choyamba Tomcat, kenako nkhokwe, pomaliza makina. Dongosolo lake ndi lomwelodi, koma mkati mwake muli zambiri. Ukalemba shutdown.sh, sikuti wadula chilichonse. Kapulogalamu kameneka kamangopita pa khomo lina lakuseri, la nambala 8005, n'kunong'oneza liwu limodzi loti SHUTDOWN. Ikamva, Tomcat imayamba kulongedza yokha. Imaleka kulandira mapempho atsopano, imapatsa kanthawi amene ali kale m'manja kuti athe, imamasula zingwe zake zonse zopita kunkhokwe. Ndipo mtundu umene tili nawo, wa nambala 9, umachitanso chinthu china chimene ndinadzachimvetsa mochedwa: umalemba m'kafayilo kotchedwa SESSIONS.ser anthu onse amene anali atalowa, kuti ikadzukanso iwazindikire, asachite kuyambiranso pa pasiwedi.

Malume anga ali ndi chigayo cha dizilo kumudzi, ndipo ndili mwana ndinkakonda kuonerera akamaweruka. Sankangozimitsa injini. Ankayamba aletsa kuthira chimanga, n'kusiya chigayo chizilira chokha mpaka phokoso lake litasintha, kusonyeza kuti zamkati zonse zatsika. Amayi amene atsala pamzere ankadandaula kuti bwanji osangothira ndowa imodzi yokha, koma malume ankadziwa kuti chigayo chozimitsidwa chimanga chili m'mimba, mawa lake chimavuta kudzutsa. Zimenezi ndinaziona kambirimbiri. Koma tsiku limene zinafunika, sizinandibwerere m'mutu ngakhale pang'ono.

Inali sabata yomaliza yolowetsa malikisi, ndipo malire anali Lachisanu 12 koloko, poti mukudziwa kuti Lachisanu maofesi amatseka msanga. Lachitatu usiku abwana analandira uthenga wa maliro kwawo. Ananyamuka m'mamawa, atandisiyira makiyi ndi kope lawo lakuda mmene analembamo ndondomeko zonse. Mawu awo omaliza anali oti, "Chikavuta undiimbire. Usachite manyazi."

Cha m'ma 2 koloko masana anthu anayamba kubwera. Woyamba anati sisitimu ikuchedwa. Wachiwiri anati ikungozungulira. Wachitatu sanapereke n'komwe moni. Pofika 3 koloko foni ya muofesi inali isakupuma, ndipo aliyense ankandiyang'ana ngati ndabisa mankhwala m'thumba. Ndinatsegula catalina.out n'kupeza mzere umene abwana anandionetsapo kale: OutOfMemoryError. Java amaipatsa malo owerengeka ogwiriramo ntchito, ndipo malowo akadzaza imataya nthawi yake yonse kusesa m'malo motumikira anthu. M'kope lakuda munalembedwa kuti zikatere, zimitsa n'kuyatsanso. Pamwamba pa mzere umenewo panali wina wodulidwa mzere kunsi: "Yamba wadziwitsa anthu." Ndinauona. Ndinaganiza kuti anthu ake ndi omwewa akudandaulawa, ndiye kuwadziwitsanso chiyani?

Za kuimba foni ndinaziganizira. Ndinayang'ana nthawi, n'kuona kuti mwina ali kumanda. Munthu ungaimbire bwanji bambo amene akuika m'bale wake, n'kumamufunsa za kompyuta? Ndinabweza foni m'thumba. Panalinso china chimene sindinkafuna kuvomereza: ndinkalakalaka kuti akabwera Lolemba amve kuti mtsikana wa zauphunzitsi uja anakonza yekha.

Ndinalemba shutdown.sh. Sikirini inangoti zii. Ndinadikira, kwa ine ngati chaka, koma buku linadzaonetsa pambuyo pake kuti sipanathe ngakhale mphindi imodzi. Ndinafufuza ngati Java yaima, ndinapeza idakalipo. Mtima unayamba kugunda. Ndinalemba startup.sh, poganiza kuti mwina yatsopano ikankha yakale. Inakana, n'kulemba kuti "Address already in use", kutanthauza kuti pa khomo 8080 pali kale mwini wake. Tsopano zinthu zinali zitaipa kuposa poyamba, chifukwa yakale inali itasiya kulandira anthu, yatsopano yalephera kulowa. Panja munthu ankagogoda.

Ndinatenga foni n'kufunsa pa intaneti. Yankho loyamba linali lalifupi ndi lokoma: peza nambala ya pulogalamuyo, ulembe kill -9 ndi nambalayo. Ndinalemba. Java inazimiririka nthawi yomweyo, ngati kandulo pamphepo. Ndinayatsanso, mizere inatsika bwinobwino, sisitimu inabwerera ili wewuwewu kuposa m'mawa. Ndinatuluka m'kachipinda muja ndikumwetulira. Wina mpaka anandiwombera m'manja.

Patangotha mphindi 10 analowa mayi wina, mphunzitsi wamkulu wa kudipatimenti ina, atanyamula laputopu yotsegula. Ndi mayi ofatsa, a msinkhu wa amayi anga, amene amalemba pa kiyibodi ndi zala ziwiri.

"Mwana wanga, sisitimu yatani?"

"Yabwerera, Madamu. Ikugwira ntchito tsopano."

"Yabwerera, inde. Koma malikisi anga sanabwerere nayo."

Anali atakhala kuyambira 1 koloko akulowetsa malikisi a kalasi ya anthu 94, aliyense magawo anayi. Tsamba lolowetsera malikisi silisunga kanthu mpaka utadina batani la pansi penipeni, ndipo iwo ankadikira kuti amalize onse kaye. Atadina, sisitimu sinawazindikire. Inawabweza pa tsamba la pasiwedi ngati mlendo, ndipo atalowanso anapeza mabokosi onse ali mbee.

Anandiyang'ana, n'kufunsa mwachifundo, "Kapena magetsi anaphethira?"

Anzanga, bodza limeneli sindinachite kulifuna, linabwera lokha pa mbale. Kuno kwathu magetsi amasenza milandu yambiri, ina yosawakhudza n'komwe, ndipo palibe amene amafufuza. Ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, "Mwina ndi choncho, Madamu." Anapumira m'mwamba, anatseka laputopu, n'kutuluka.

Ndinakhala pampando pafupifupi ola lathunthu. Ndikanakonda kulemba pano kuti chikumbumtima chokha ndicho chinandidzutsa, koma zinali zosakanikirana. Ndinkadziwa kuti m'kachipinda muja muli mabatire amene amagwira makina magetsi akathima, choncho abwana sakanakhulupirira nkhani ya kuphethira. Ndinkadziwanso kuti Linux imasunga malamulo amene munthu walemba, ndipo kill -9 wanga anali pomwepo. Ndinaganizako zofufuta. Kenako ndinawerenga kuti ganyu ameneyu akatha, fizi ya semesita ino ichokera kuti. Koma chimene chinkandibwererabwerera ndi zala ziwiri zija, ndi mmene anandifunsira mopanda kundikayikira.

Ndinawapeza muofesi mwawo, mapepala ali mbwee patebulo, ayambiranso pa dzina loyamba. Ndinagwada pafupi ndi chitseko.

"Madamu, pepani. Sanali magetsi. Ndinazimitsa ndine, osadziwitsa anthu. Ndipo ndinakunamizani."

Anavula magalasi. Sanakalipe, ndipo mwina kukalipa kukanandipepukira. Anangoti, "Ukanangodutsa m'makonde muno n'kukuwa kamodzi, ndikanadina batani." Ndinapempha kuti ndiziwawerengera malikisi iwo azilemba, kapena ndizilemba ine, poti ndimafulumira. Anapukusa mutu. "Awa ndi malikisi a anzako. Ena mumagona nawo hositelo imodzi. Sungawaone. Pita, mwana wanga, ukadye." Apa m'pamene zinandiwawa kwenikweni, kuona kuti chimene ndawononga sindingathe ngakhale kuthandiza kukonza. Usiku, pochokera ku laibulale, ndinaona getsi la muofesi mwawo likadali loyaka.

Lolemba ndinawauza abwana zonse asanakhale n'komwe pansi. Sanayankhe. Anatsegula catalina.out, n'kundikokera mpando kuti tiwerenge limodzi. Anandilozera mzere wonena kuti lamulo lozimitsa lalandiridwa pa khomo lakuseri. Pansi pake panali wina woyamba ndi "Pausing ProtocolHandler", kusonyeza kuti yasiya kulandira mapempho atsopano. Kenako panalibenso kanthu, mpaka pamene inadzukanso.

"Waona? Inakumvera. Inali ikulongedza, koma pang'onopang'ono chifukwa inali yolemedwa. Iwe unaiwombera ili ndi katundu kumutu."

Anandifotokozera kuti kill payekha, dzina lake ngakhale likuopsa, ndi pempho chabe. Amatumiza chizindikiro cha nambala 15, ndipo pulogalamu ikachilandira imakhala ndi mpata wotseka zinthu zake mwadongosolo. Koma chizindikiro cha nambala 9 pulogalamu siichiona n'komwe. Linux imangoichotsa pomwepo, ilibe mpata wokana kapena wolemba kalikonse. Ndiye chifukwa chake kafayilo ka SESSIONS.ser sikanalembedwe, ndipo Tomcat inadzuka itaiwala aliyense. Ikanatseka yokha, ikanawakumbukira Madamu aja, ndipo batani lawo likanagwira ntchito. Nkhokwe sinaonongeke, chifukwa PostgreSQL ikaona kuti amene amalemba wathawa pakati pa ntchito, imabweza zosamalizazo n'kusunga zokhazo zimene zinatsimikizidwa. Zimene zinatayika ndi zokhazo zimene zinali zisanafike kunkhokwe.

"Nanga nambala 9 anaipangiranji, Bwana?"

"Ilipo ntchito yake. Pulogalamu ina imaumadi, osamva chilichonse. Koma umayamba wadziwitsa anthu, kenako shutdown, n'kudikira uku ukuwerenga buku. Ikakana, kill wamba. Ikakananso, ndiye 9. Iwe unayambira kumapeto." Anatseka kope lakuda n'kuwonjezera kuti, "Safunsa anadya phula. Ndinati undiimbire. Kumaliro foni timatuluka nayo panja."

Sanandichotse ntchito. Ananenanso, mosachita kukakamizidwa, kuti mbali ina inali yawo, chifukwa ankadziwa kuti sabata ya malikisi seva imalemedwa ndipo akanaiwonjezera malo asananyamuke. Tsiku lomwelo anasintha nambala ina yotchedwa Xmx, imene imanena kukula kwa malo a Java. Ine maganizo anga ndi oti tsamba limene limalola munthu kulemba maola awiri osasunga kalikonse linapangidwa mosaganizira anthu olemba ndi zala ziwiri, ndipo ndinanena zimenezi. Abwana anavomera. Koma anandikumbutsa kuti tsambalo linali choncho semesita zonse zapitazo, ndipo palibe amene anataya malikisi mpaka tsiku limene ine ndinagwira makiyi.

Chinthu china chinandichititsa manyazi patapita milungu iwiri, m'kalasi yoyeserera kuphunzitsa. Tikamalemba pulani ya phunziro, mphamvu zonse timathera pa chiyambi: nyimbo yanji, funso lanji, chithunzi chanji chokopa ana. Gawo la mathero timangolemba mzere umodzi. Tsikulo nthawi itandithera ndinangoti "tathera pomwepa", n'kuyamba kufufuta pabolodi. Mnzanga amene ankakhala ngati mwana wa sukulu anakweza dzanja n'kunena kuti, "Madamu, sitinamalize kukopera." Anthu anaseka. Ine ndinaima ndi dasitala m'manja, ndikuona Lachinayi lija.

Masiku ano abwana amandilola kuzimitsa seva ndekha, iwo ali pafupi. Mwezi wathawu tinafunika kutero kuti asinthe mabatire. Ndinatumiza uthenga pa gulu la WhatsApp la aphunzitsi kutatsala mphindi 30, kenako wina kutatsala 10. Tomcat ili ndi tsamba la woyang'anira limene limaonetsa kuchuluka kwa anthu amene alowa, ndipo ndinakhala ndikuliyang'ana nambala ikutsika: 17, kenako 8, kenako 3. Pa 1 inaima. Nthawi imene tinalengeza inakwana, inapitirira. Amisiri a mabatire anayamba kuyang'ana mawotchi awo.

Ndinatuluka n'kuyamba kugogoda ofesi ndi ofesi. Pa chitseko chachinayi ndinapeza Madamu aja, magalasi ali pamphuno, foni ili m'chikwama chotseka.

"Odi, Madamu. Tikufuna kuzimitsa sisitimu."

Anadzutsa mutu, n'kundizindikira. "Aa, ndiwe wakupha uja? Dikira. Ndatsala ndi mayina 6."

Ndinakhala pabenchi panja mphindi pafupifupi 20, mpaka ndinamva akuitana kuti, "Ndadina, mwana wanga. Kapheni." Ndinabwerera m'kachipinda kozizira, n'kulemba shutdown.sh. Kenako ndinakhalira manja anga onse awiri, n'kumayang'ana buku. Mizere inabwera umodziumodzi, mosafulumira, mpaka wotsiriza woyamba ndi "Destroying ProtocolHandler". Ndinafufuza Java, inali itapita yokha. Ndinazimitsa nkhokwe, kenako makina, n'kuwauza amisiri aja kuti alowe.